Mchere umakhazikika pomwe madzi asiya kuyenda

Madzi a mtsinje wa Bwanje amayenda ulendo wautali. Amathira m'nyanja ya Malawi, n'kutuluka kudzera mu Shire ku Mangochi. Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathera m'nyanja ya Indian Ocean pafupi ndi Chinde ku Mozambique. Pa mathiriro amenewo madzi ozizira a mumtsinje amakumana ndi madzi a m'nyanja, omwe lita imodzi imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere.

Kumeneko mchere umasintha ndi nyengo. M'dzinja mtsinje umadzaza ndipo umakankhira madzi amchere kunyanja. M'chilimwe mtsinje ukaphwa, madzi amchere amalowa kumtunda. Kale madzi osefukira ankatsuka zigwa za kumathiriro chaka ndi chaka. Koma damu la Kariba litamalizidwa mu 1959, ndi la Cahora Bassa mu 1974, kusefukira kuja kunachepa, ndipo nthaka ina sitsukidwanso monga kale. Kusintha kotereku sikuoneka m'chaka chimodzi. Kumadziwika pokhapokha anthu akamayeza madzi kwa zaka zambiri.

Chitsanzo chapafupi ndi nyanja ya Chilwa. Mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe imathiramo, koma palibe mtsinje wotulukamo. Dzuwa limamwa madzi, mchere n'kutsala. Nyanjayi ikamaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018, mchere umachuluka ndipo matemba ndi makumba amasowa. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira, n'chifukwa chake madzi ake timamwa.

Ife a m'chigwa cha Bwanje nkhaniyi ikutikhudza. Mijigo ina kuno imatulutsa madzi owawa mchere. M'minda yothirira, madzi akaima n'kuuma ndi dzuwa, amasiya mchere pamwamba pa nthaka, wooneka ngati phulusa loyera. Mchere wotere umalepheretsa mizu ya mpunga ndi chimanga kuyamwa madzi, ndipo mbewu zimafota ngakhale nthaka ili yonyowa.

Tikupempha makolo kuti ngalande zotulutsa madzi m'minda zizilambulidwa, ndipo mukaona zoyerazo muwadziwitse alangizi a zaulimi. Ophunzira, funsani agogo anu kuti mjigo wa m'mudzi mwanu unkakoma bwanji kale, mulembe zimene akuuzeni, ndipo mubwere nazo ku kalasi ya jogalafe.