Opanga malasha a zinyalala afuna ogula

Aliyense amene anayendapo m'mamawa pa mseu wa Great East kapena wa ku Mumbwa anaona njinga ndi malole odzaza masaka a malasha akulowa mu Lusaka. Saka lililonse ndi mtengo umene wagwa ku Chongwe, ku Rufunsa kapena kwina kumidzi. Koma sitingadzudzule amai a ku Kanyama, Chawama ndi Mtendere amene amagula malashawo. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo ngakhale a kumayadi anabwerera ku mbaula. Caka comweco boma linaletsa kuocha malasha ku Mumbwa, Shibuyunji ndi Itezhi-Tezhi. Komatu lamulo palokha siliphika nsima. Tikamaletsa cina, tiyenera kuonetsa anthu cophikira cina.

Cophikira cimeneco ciliko kale m'makomboni mwathu. Magulu ena a anyamata ndi azimai akupanga malasha ocokera ku zinyalala, amene amachedwa mabriketi. Amatola zitsononkho, makoko a nshawa ndi utuci wonga umene umaunjikana pa msika wa matabwa wa Buseko. Amaziocha m'dramu lovundikira kuti zide cabe osasanduka phulusa, kenaka amazisinja ndi kuzisakaniza ndi fumbi la malasha lotsala pamisika. Comatira cake ndi phala la ufa wa cinangwa. Akaumba ndi manja kapena ndi kamakina, amayanika padzuwa masiku angapo. Ouma bwino amayaka nthawi yaitali ndipo safuka utsi wambiri.

Phindu lake lili pawiri. Mtengo wa kumudzi umapulumuka, ndipo zinyalala zimene zikanapita ku Chunga kapena kutseka ngalande zimasanduka ndalama. Tonse tikumbukira kolera ya mu 2017 ndi 2018, ndiponso ya mu 2024 pamene bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, masukulu nacedwa kutsegulidwa. Ngalande yotsekeka si nkhani yaing'ono mu mzinda uno.

Nanga n'cifukwa ciani mabriketi sapezeka pa kantemba kalikonse? Coyamba ndi malo. M'dzinja gulu lopanda shedi silingayanike, ndipo briketi yosauma imavuta kuyaka ndi kufumbutuka m'saka. Caciwiri ndi msika. Mai amene ali ndi ndalama ya cakudya ca tsiku limodzi saiponya pa cinthu cimene sanaciyesepo. Motero gulu limaomberedwa m'manja pa cionetsero, koma katundu wake nkumangokhala m'nyumba.

Apa ndi pamene khonsolo iyenera kulowapo. Ipatse maguluwa malo pafupi ndi misika, pamene zinyalala zili, ndi kuwacepetsera msonkho m'caka coyamba. Ndalama ziliko. Mu 2022 thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuensi iliyonse, ndipo mbali ina ndi ya ngongole ndi thandizo la makalabu ndi makopaletivu. Mapempho amadzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi. Tipempha makhansala kuti athandize maguluwa kulembetsa ndi kudzaza mafomu, pakuti ambiri amagwera pamapepala.

Ifenso a mipingo tili ndi mbali yathu. Malemu Papa Francis analemba kalata ya Laudato Si' mu 2015 yokamba za kusamalira cilengedwe, ndipo taiphunzitsa m'miphakati kwa zaka zambiri. Tsopano iyenera kufika ku khichini. Taonani nkhuni ndi malasha amene timaocha pa maliro, pa maukwati, pa misonkhano ya mabungwe a amai ndi m'masukulu ogonera. Parishi imodzi italonjeza kugula masaka mwezi uliwonse, gulu lingadziwe cimene lidzapeza, lingabweze ngongole ndi kulemba nchito mnyamata wina. Ndipo mai amene waona nyemba zikupsa pa briketi pa maliro safunanso womunyengerera.

Opanganso asunge cilungamo. Asaculukitse dothi kuti saka lilemere, cifukwa wogula akanamizidwa kamodzi sabweranso, ndipo amauzako anzake.

Pa msonkhano wotsatira wa parishi kapena wa m'wadi, tifunse mafunso awiri: ndani akupanga mabriketi m'dera lathu, ndipo ife tidzagula masaka angati mwezi uno?