Masiku oyamba a mlendo wa mishoni pa Fonte Boa

FONTE BOA — Munthu wochokera kutsidya kwa nyanja akamabwera kudzagwira ntchito ya Mulungu kuno ku mapiri a Angónia, choyamba kumunamiza ndi mzinda wa Tete. Amatsika ndege pa Chingodzi nakumana ndi ng'anjo ya m'chigwa cha Zambezi, kumene mwezi wa Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo amayesa kuti Moçambique yense ali chomwecho. Juzi lake amalikankhira pansi penipeni pa chikwama. Koma galimoto ikapitirira Moatize nikhota pa Mussacama kulunjika ku Ulónguè, msewu umayamba kukwera, milambe imatsalira m'mbuyo, ndipo pofika madzulo mlendo uja amakhala akufunafuna juzi lomwe lija. Akafika mwezi wa Juni kapena Julayi, usiku woyamba amapempha bulangeti lachiwiri.

Dzina loti Fonte Boa ndi la Chipwitikizi, tanthauzo lake kasupe wabwino. Ansembe a chipani cha Ajezuiti anatsegula mishoniyi m'chaka cha 1945, m'dera limene lero lili m'boma la Tsangano, pafupi ndi malire a Malawi. Koma alendo oyamba a mtundu umenewu anafika kale chakacho chisanakwane. Cha m'ma 1909 Bambo Hiller, amene anakhalapo pa mishoni ya Boroma m'mbali mwa Zambezi, anakwera mapiri ano nayamba mishoni ya Lifidzi. Masiku awo oyamba sanatalike. Mu 1910 ufumu unagwa ku Portugal, boma latsopano linathamangitsa Ajezuiti, ndipo amene analowa m'malo mwawo, ansembe a ku Germany, nawonso anachotsedwa pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ajezuiti anabwereranso mu 1941, boma la Portugal litagwirizana ndi Vatican mu 1940. A mpingo wa Dutch Reformed, amene anatsegula Mphatso mu 1909, anawatsekera mu 1922. Tsidya linalo la malire, ku Nzama m'boma la Ntcheu, ansembe atatu a chipani cha Montfort anafika mu 1901 m'dziko la Njobvuyalema, ndipo iwo sanawachotse.

Onsewa anaphunthwa pa mwala umodzi, umene mlendo wa lero amaphunthwaponso: chilankhulo.

Wochokera ku Portugal kapena ku Brazil amabwera ndi mtima uli m'malo, poti anamuuza kuti ku Moçambique amalankhula Chipwitikizi. Ku ofesi ya boma ndi ku sukulu ndi zoona. Koma tsiku lachiwiri akatuluka pa mpanda wa mishoni nakumana ndi amayi ochokera kudimba atasenza kabichi ndi kachewere, amapeza kuti Chipwitikizi chake chathera pa chipata. Kuno maliro, milandu, malonda a pa Lizulu ndi pa Biriwiri, ngakhale kuulula machimo, zonse zimayenda m'Chichewa. Ndiye munthu wa madigiri ake amakhala pa benchi ngati mwana wa kalasi yoyamba, mphunzitsi wake ali katekisiti kapena wophika wa pa mishoni. Lilime limakana kunena ng'ombe. Akafuna phala amati pala, ana nkumagubuduka ndi phwete kuseri kwa khitchini. Mawu oti mtengo amamuzunguza, poti womwewo ndi wa m'nkhalango, womwewonso ndi wa pa msika. Koma cholakwa chimene chimapweteka ndi china: kunena kuti iwe kwa agogo, kapena kwa nyakwawa. Ana amaseka za phala, koma za iwe akuluakulu saseka. Amangoyang'ana pansi, ndipo mlendo sadziwa n'komwe kuti walakwa mpaka wina atamukokera pambali.

Malonje nawo amamuyesa. Kwawo munthu amafika nanena chimene wadzera ali chiimire. Kuno amati odi, nadikira mpando kapena mphasa, nakhala pansi, kenaka aliyense wa pakhomopo adzamupatse moni payekhapayekha. Nkhani imene wabwerera imayamba pambuyo pake, mwina thobwa litadutsa kale. Mlendo wa wotchi pamkono amaona ngati tsiku likutayika. Ife tinganene kuti pamenepo ndi pamene ntchito yake yayambira, chifukwa anthu amakhala akumuyeza: kodi akhala pansi, kodi asamba m'manja ndi anzake, kodi nsima aitema ndi dzanja kapena afunsa supuni, kodi nkhuku imene amuphera aidya kapena anena kuti wakhuta. Kukana nkhuku ya mlendo kumaiwalika mochedwa kuposa ulaliki wabwino.

Tisabise, nafenso tili ndi mbali yathu. Sabata yoyamba isanathe mlendo amakhala atalandira kale mapempho: feteleza, fizi ya mwana, galimoto yonyamula wodwala kupita ku Ulónguè, malata a tchalitchi cha kumudzi. Ena mwa mapemphowa ndi a moyo ndi imfa, ena ndi ongoyesa mwayi, ndipo munthu wa masiku asanu sangathe kusiyanitsa. Akapatsa woyamba kufika, amapeza kuti wapatsa wochenjera nasiya wamasiye amene anachita manyazi. Akakana onse, dzina la kuumira limamukakamira mpaka tsiku lobwerera kwawo. Ndi chifukwa chake amene akhalitsa pa mishoni amalangiza watsopano kuti miyezi yoyamba asalonjeze kanthu, ndipo zopempha zizidzera kwa akuluakulu a mphakati amene amadziwa khomo lililonse.

Chimodzimodzi pa nkhani ya gule wamkulu ndi miyambo ya Angoni. Amishoni akale analimbana ndi nyau kwa zaka zambiri, ndipo mabala a mkangano umenewo akadalipo m'mabanja ena. Mlendo amene wamva ng'oma usiku umodzi nayamba kuweruza m'mawa mwake, kaya kunyoza kaya kutamanda ndi kamera m'manja, amaponda pa chilonda chimene sakuchiona.

Pali tsiku lina m'masiku oyambawo limene mlendo amauzidwa za amene anafera pa ntchitoyi. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985, nkhondo ili pakati, anthu a mfuti anatenga ansembe awiri pa nyumba yawo ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, nakawapha. Mmodzi anali Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal. Winayo anali mwana wa kuno kwathu, Bambo João de Deus Kamtedza, amene pa unyamata wake anayenda ulendo womwewu mobwerera, kukaphunzira ku Portugal, nakhala iyenso mlendo wosadziwa chakudya ndi chisanu cha eni ake. Dayosizi ya Tete inatsegula ntchito yofufuza moyo ndi imfa yawo kuti mpingo udzawatchule odala. Zaka zimenezo midzi yambiri ya m'malire inatsala mabwinja, anthu atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Ndipo mtendere utabwera zoopsa sizinathe. Pa 6 Novembala 2006 achifwamba a mfuti anathyola nyumba ya ansembe pa Fonte Boa pomwe pano usiku. Anapha Bambo Waldyr dos Santos wa ku Brazil, wa zaka 69, ndi Idalina Neto Gomes wa ku Portugal, wa zaka 30, ena navulala. Mayi Idalina sanali sisitere. Anali loya, amene anasiya ntchito kwawo nabwera mongodzipereka kudzera m'bungwe la Leigos para o Desenvolvimento, limene limatumiza akhristu wamba ku mishoni kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Aliyense wobwera pambuyo pa chaka chimenecho amagona usiku woyamba akudziwa nkhaniyi, ndipo makolo ake kwawo amaidziwanso. Tikamamuona akutseka chitseko kawiri, tisamuyese wonyada.

Lamulungu loyamba amapita naye ku tchalitchi cha kumudzi, msewu wa fumbi kapena wa matope malinga ndi nyengo. Misa ikatha katekisiti amamuimiritsa kutsogolo kuti anthu amuone. Iye amatulutsa kapepala kamene analemba usiku, napereka moni wake woyamba m'Chichewa, mawu akuphonya uku ndi uku. Amayi amaimba nthungululu, abambo amaomba m'manja, ndipo pobwerera m'galimoto muli nkhuku yomangidwa miyendo, dengu la kachewere ndi dzina latsopano limene amupatsa, limene tanthauzo lake adzaliuzidwa akadzayamba kumva bwino.