Tiwerenge bwanji Yeremiya 29:11 m'kalasi?

Abale otsogolera makalasi, ophunzira athu akangoyamba kulumikiza zilembo, ambiri amapempha kuti adziwerengere okha Yeremiya 29:11. Vesili amalidziwa kale pamtima. Limakamba za zabwino zimene Mulungu wakonzera anthu ake, mtendere ndi tsogolo. Koma tsiku lina mayi amene anaika mwana wake m'manda ali kothawa nkhondo adzakufunsani kuti, "Aphunzitsi, nanga ine zabwinozo zinandiphonya bwanji?" Tiyenera kukhala ndi chomuyankha, ndipo yankho lili m'mavesi oyandikana nalo.

Choyamba, mutu 29 ndi kalata. M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara anagwira mfumu ya Yuda, nduna zake, amisiri ndi osula zitsulo, napita nawo ku Babulo. Yeremiya anatsala ku Yerusalemu ndipo anawalembera. Pa mutu 28 tikumva za mneneri wina, Hananiya, amene analonjeza kuti pasanathe zaka 2 onse adzakhala atabwerera. Yeremiya anakana. Pa vesi 10 akutchula zaka 70. Ndiye kuti ambiri amene anamva kalatayo ikuwerengedwa anafera konko, osaonanso kwawo.

Chachiwiri, taonani liwu lakuti "inu". M'Chinyanja timati "inu" kwa gogo mmodzi pomulemekeza, timatinso "inu" kwa khamu la anthu. M'Chihebri, chilankhulo cha Yeremiya, liwu la pa vesili ndi la anthu ambiri. Lonjezo linali la mtundu wonse, kuphatikizapo zidzukulu zosabadwa. Silikunena kuti munthu aliyense wokhulupirira sadzaona mavuto.

Chachitatu, werengani vesi 5 mpaka 7. Akapolowo akuuzidwa kumanga nyumba, kulima minda, kukwatitsa ana, ngakhale kupempherera mzinda wa anthu amene anawagwira. Ife a ku Angónia zimenezi si zachilendo ayi. Nkhondo itakula mu 1986, anthu a ku Domwe, Ulongwe ndi Tsangano anaoloka malire kupita ku Dedza ndi Ntcheu. Ambiri ankati ndi za miyezi yowerengeka basi. Koma pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo ochuluka anabwerera mu 1993 ndi 1994. Pa zaka zonsezo anthu anamanga zisakasa, anabwereka timinda, ana anabadwa, ena anaphunzira kuwerenga komweko. Mulungu sanadikire kuti tibwerere kaye kuti akhale nafe. Anali nafe m'zisakasa momwemo.

Apa tichenjere. Yeremiya ananena kuti ukapolo wa Ayuda unadza chifukwa cha machimo a mtunduwo. Tisatenge mawu amenewo n'kuwasenzetsa aliyense wovutika. Pa Yohane 9 Yesu anakana kuti munthu wobadwa wakhungu uja anachimwa, kapena makolo ake. Pa Luka 13 anakananso kuti anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera anali oipa kuposa anzawo. Kwathu konkuno, pa 30 Okutobala 1985, ansembe awiri a Chijezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa m'dziko lino la Angónia, ndi Bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, naphedwa. Anafera pakati pa nkhosa zimene ankaweta. Kodi tinganene kuti Mulungu anawataya? Paja Ambuye amene ankawatumikira anafa pa mtanda, osalakwa.

Tsono Mkhristu satcha choipa kuti chabwino. Nkhondo ndi yoipa, imfa ya mwana ndi yowawa, ndipo kulira si kuchepa chikhulupiriro. Chimene vesili likutsimikiza n'chakuti choipa sichidzakhala ndi mawu omaliza pa anthu a Mulungu.

M'kalasi chitani motere. Ophunzira awerenge vesi 4 mpaka 14, aliyense vesi limodzi, mosathamanga. Lembani pa bolodi mafunso atatu: Analemba ndani? Analembera yani? Anthuwo anali pa vuto lanji? Mafunso omwewa adzawathandiza pa vesi lina lililonse. Ndipo mayi uja akayamba kufotokoza zake, tsekani buku, mumvetsere mpaka amalize. Phunziro mudzapitiriza sabata yamawa.