Amayi Oseketsa m'Zisudzo Zathu

Munthu atati aime pa msika wa pa boma la Mwanza, pamene amayi amayala nachesi m'nyengo yozizira, nafunsa kuti kodi Make Sikono ndani, sangasowe womuyankha. Akulu ndi ana omwe adzamuuza kuti ameneyo ndi mayi uja wa m'sewero la Tikuferanji, amene amasewera pambali pa Manganya. Koma munthu yemweyo atafunsanso kuti nanga dzina lenileni la mayiyo ndani, ambiri adzangoyang'anana. Dzina lake ndi Ruth Simika. La Michael Usi, mwini wake Manganya, lidadziwika kalekale iye asanalowe n'komwe m'ndale, koma la mnzake wa m'sewero lomwelo lidatsalira kuseri kwa duku ndi chitenje.

M'gawo lino tifuna tione ntchito ya mayi woseketsa anthu pa bwalo la zisudzo, pa wailesi ndi pa kanema. Chimene tikunena n'chakuti mwa ntchito zonse za m'zisudzo, imeneyi ndiyo ingathe kumusunga munthu wamkazi kufikira imvi zitamera, koma kuno kwathu njira yake yakhala yopapatiza, ndipo amene ayendamo zaka zambiri sitinawawerengere mokwanira.

Kuseketsa si chinthu chimene amayi a kuno adachiphunzira kwa Azungu ayi. Pa mtondo, mkazi amatha kumunyogodola mwamuna waulesi kapena mpongozi wolongolola kudzera m'nyimbo, mwini wakeyo ali chikhalire pa khonde, osatha kuyankha kanthu. Ku chinamwali anamkungwi salangiza ndi mawu okha. Amayerekeza kayendedwe ka mkazi waumve ndi kakhalidwe ka mkazi wamwano, anzawo n'kumafa nazo kuseka, namwali n'kumatolapo phunziro. Ngakhale pa maliro, adzukulu ali ndi ufulu wochita nthabwala kuti mitima ya anamfedwa ipepuke. Komabe zonsezi zimachitika m'malo oikika ndi pa nthawi yake. Pa bwalo lalikulu la mudzi zinthu zidali zina. M'gule wamkulu muli chilombo chotchedwa Maliya, chovina ngati mkazi ndi kuseketsa anthu ndi manyazi ake onamizira, koma wochivina ndi mwamuna. Ndiye kuti ngakhale chithunzi cha mkazi, pa bwalo chidali m'manja mwa amuna.

Zisudzo za makono zitayamba kuzika mizu, msungwana adapeza khomo lake loyamba ku sukulu. Mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa bungwe la ATEM udaphunzitsa ana a sukulu za sekondale kuimirira pamaso pa anthu, ndipo m'menemo ndi m'mene mudatulukira Du Chisiza Jnr, amene adayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987. Koma kusewera uli pa sukulu n'kosiyana ndi kusewera utatsiriza sukulu. Mphunzitsi akakhalapo, makolo sadandaula. Msungwana yemweyo akati akwere basi ndi gulu la anyamata kukasewera ku Zomba kapena ku Mzuzu, n'kukagona komweko, pamenepo ndiye pamabuka mlandu pa nyumba, ndipo akakwatiwa mlanduwo umakula. Pamwamba pa izo padalinso malamulo a boma. Lamulo la 1968 lidafuna kuti sewero lililonse liyambe lavomerezedwa ndi bungwe lounika zosangalatsa lisanaonetsedwe, ndipo la 1973 lidaletsa amayi kuvala buluku kapena siketi yaifupi, kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Woseketsa amakhalira kunyoza zopusa za anthu, tsono m'masiku amenewo adayenera kudziwa bwino lomwe kuti zopusa za yani ndizo angathe kuzinyoza. Anthu a ku Mwanza, kumene nduna zitatu ndi phungu mmodzi adapezeka atafa ku Thambani mu 1983, safuna wowafotokozera kuti mantha a nthawi imeneyo adali otani.

Mwa amayi amene adalimba mtima, woyamba kumutchula ndi Gertrude Kamkwatira. Iyeyu sadali woseketsa chabe, pakuti adalinso mlembi ndi mtsogoleri. Adasewera m'gulu la Wakhumbata, ndipo Du Chisiza atamwalira mu 1999 ndiye adatenga utsogoleri wa gululo, kenaka n'kuyambitsa lake lotchedwa Wanna-Do. Adalemba masewero monga It's My Fault ndi Jesus' Retrial, adatsogoleranso bungwe la amisiri a zisudzo m'dziko muno. Imfa idamutenga mu 2006 ali ndi zaka pafupifupi 40, pa msinkhu umene wosewera amayamba kumene kupsa.

Masewero a Wakhumbata adali a m'Chingerezi, ndipo adali a anthu ophunzira a m'mizinda. Phwete la munthu wamba lidali kwina. Lidali pa wailesi ya MBC, m'masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga, ndiponso m'gulu la Kwathu, limene kuyambira m'zaka za m'ma 1980 lidayendayenda m'maholo a m'dziko muno likusewera m'Chichewa. Aliyense amakumbukira Izeki ndi Jakobo, ndiye kuti John Nyanga amene adamwalira mu 2016 ndi Eric Mabedi amene adamwalira mu 2021. Koma sewero la Kwathu silikadayenda ndi amuna okhaokha, popeza nkhani zake zambiri zidali za m'banja: chikamwini, mitala, chuma cha masiye, mwamuna wobwera usiku ataledzera. Amayi onga Emma Chikwembeya adasenza mbali zimenezi zaka zambiri. Ponena za kanema, tisaiwale kuti dziko lino lidakhala lopanda wailesi ya kanema yakeyake kufikira mu 1999, pamene Television Malawi idatsegulidwa. Mayi amene adayamba kusewera mu 1980 adayenera kudikira zaka pafupifupi 20 kuti nkhope yake ilowe m'nyumba za anthu. Tikuferanji, sewero la bungwe la ADRA lophunzitsa za Edzi ndi mavuto ena a m'mabanja, lidali limodzi mwa amene adapindula ndi kanemayo.

Tsono tiime pang'ono pa luso lenilenilo, chifukwa ambiri amaliyesa lapafupi. M'sewero la mtundu umene Azungu amautcha sitcom, anthu ake amakhala omwewo sabata ndi sabata, nyumba yake yomweyo, ndi zofooka zawo zomwezo. Mwamuna kawirikawiri ndiye amapatsidwa mbali ya chitsiru chodziyesa chochenjera: amanama, amadzitama, amakonza mapulani amene aliyense akuona kuti agwa. Koma bodza lake siliseketsa pa lokha. Limaseketsa pamene pali wina amene akulimva nalizindikira, ndipo winayo ndi mkazi wake. Anthu amayang'ana nkhope ya mayiyo kuti aone ngati wakhulupirira. Iye akangokhala chete kamphindi, n'kumanganso chitenje chake mwamphamvu, n'kuomba m'manja kamodzi, holo yonse imagwa nalo phwete asanatulutse liwu. Akafulumira kuyankha, nthabwala yafa. Akachedwa, yafanso. Kudziwa utali wa kamphindiko ndiye luso lonse, ndipo sikulembedwa pa pepala. Pa wailesi n'kovutirapo, pakuti palibe nkhope kapena chitenje. Pamatsala mawu okha: kutsonya, kuusa moyo, ndi kaitanidwe kaja ka “bambo a mwana” kamene kamamudziwitsa womvera kuti lero m'nyumbamo simugonedwa.

Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha kukhalitsa. Msungwana amene amapatsidwa mbali chifukwa cha kukongola ali ndi zaka zowerengeka, popeza chaka chilichonse sukulu zimatulutsa ena ocheperapo msinkhu. Woseketsa alibe vuto limeneli. Amayamba ngati wantchito wa m'nyumba wakamwa, n'kukhala mkazi wa pa nyumba, kenaka mpongozi wovuta, potsiriza gogo wonena chilichonse mosaopa munthu. Makwinya amene amamuchotsa mnzake pa bwalo, iyeyu amamuonjezera zida. Ndipo mwa chikhalidwe chathu, nkhalamba yaikazi ili ndi chilolezo chonena zimene mtsikana sangayerekeze kuzitchula.

Kuti tione kumene njira imeneyi ingafike ikakhala yotseguka, titsate msewu umene anthu a ku Mwanza amaudziwa bwino, wodutsa pa Zobue ndi Tete, umene mabasi amayendamo kupita ku Johannesburg. Amalawi ambiri amene adakagwira ntchito kumeneko, ndi ena amene ankaonera SABC kuno kwathu, adamuonapo Mary Twala, gogo wochepa thupi wa mawu okhakhala. Adabadwa mu 1939, ndipo adayamba m'masewero a Gibson Kente, amene ankayendayenda m'maholo a m'malokeshoni a anthu akuda monga momwe Kwathu idachitira kuno. Mwamuna wake, Ndaba Mhlongo, adalinso woseketsa wotchuka. Kanema idafika ku South Africa mu 1976, ndipo patapita zaka zochepa padatsegulidwa nyumba zoulutsa m'zilankhulo za anthu akuda, zimene zidafuna osewera odziwa kale kugwira anthu. Mary Twala adalowa m'menemo osasiya bwalo. Adaoneka m'filimu ya Sarafina! mu 1992, ndipo atakalamba adaseketsa anthu m'sewero la Skwizas pamodzi ndi Lillian Dube, sewero limene eni nkhani ake adali amayi achikulire okhaokha. Mu 2019 boma la dziko lake lidamupatsa ulemu wa Order of Ikhamanga.

Chodabwitsa n'chakuti mbali yake yaikulu koposa idadza kumapeto, ndipo sidali yoseketsa. M'filimu ya ku Lesotho yotchedwa This Is Not a Burial, It's a Resurrection, adasewera ngati Mantoa, mayi wamasiye wokana kuti mudzi wake ndi manda a abale ake zimizidwe ndi damu. Amene adazolowera kumuseka adaona kuti nkhope yomwe ija yodziwa kudikira kamphindi idadziwanso kusenza chisoni. Adamwalira pa 4 July 2020 ali ndi zaka 80, ndipo mphotho ya wosewera wamkazi wopambana mu Africa pa filimuyo idalengezedwa iye ataikidwa kale.

Sitikunena kuti amayi a kwathu adachepa luso poyerekeza ndi Mary Twala. Kusiyana kuli pa nthaka imene mbewu idagwera. Kumene kuli nyumba za kanema zogula masewero chaka ndi chaka, wosewera amadya za luso lake. Kuno, gulu la zisudzo limadalira ndalama za pa khomo, zimene ziyenera kulipira holo, galimoto ndi chakudya zisanagawidwe, ndipo mvula ikagwa kapena kukakhala mpira waukulu tsiku lomwelo, osewera amabwerera chimanjamanja. Masewero ambiri a pa wailesi ndi pa kanema akhala akudalira mabungwe othandiza, ndipo thandizo likatha sewero limaima. Motero amayi ambiri a zisudzo akhala akusewera kwinaku akugwira ntchito ina kapena kuchita geni. Tionenso kumene kutchuka kudawafikitsa amuna a m'sewero limodzi lomwelo. Bon Kalindo, amene ndi Winiko, adasankhidwa kukhala phungu wa ku Mulanje mu 2014, ndipo Michael Usi adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira mu June 2024 kufikira chisankho cha 2025 chitachitika. Anthu adatha kusiyanitsa pakati pa munthu ndi chitsiru chimene amasewera. Kwa mkazi kusiyanitsa kumeneku kumavuta: akasewera bwino mbali ya mkazi wolongolola, pa msika amamuloza chala kuti ndi khalidwe lake.

Kwa aphunzitsi amene amayang'anira magulu a zisudzo m'sukulu za ku Mwanza, ku Neno ndi kwina, pali kanthu kamodzi koyenera kukaonetsetsa. Pogawa mbali, chizolowezi n'chakuti mbali yaikulu imapita kwa msungwana wooneka bwino ndi wolankhula Chingerezi chosalala, pamene uja wosachedwa kuyankha, amene amayerekeza kayendedwe ka ahedi anzake n'kumagubuduka, amapatsidwa mbali ya wantchito ya mizere itatu, kapena amalembedwa pa mndandanda wa olongolola m'kalasi. Kawirikawiri wosewera weniweni ndi ameneyo. Ndipo kwa msungwana amene watsiriza sukulu, zinthu zasinthako masiku ano: foni ya m'manja ndi Facebook zapatsa oseketsa achitsikana, monga Felistus Ngwira amene amadziwika kuti Nya-Uyu, bwalo limene silifuna holo, basi yopita ku Blantyre kapena chilolezo cha mwini gulu. Ndalama zake n'zosadalirika monga za pa khomo zija, koma pa bwalo limeneli dzina la sewero ndi dzina lenileni la mwini wake zimalembedwa pamodzi.