Agogo Anaiwala Dzina Langa, Koma Anandipezera Ntchito

Masiku ano ndikamatsika minibasi pa Nkando, anyamata a kabaza amayamba kukuwa phazi langa lisanaponde pansi: "Anesi afika! Anesi, kwerani yanga!" Ndimawauza kuti ndikadali wophunzira, chaka choyamba sichinathe n'komwe, koma samva. Inenso sindibisa, zimandikoma kwabasi. Pamalo omwewo, m'mbali mwa msewu wa Midima, ndinkakhala ndi beseni la zitumbuwa, anthu n'kumandilozera ndi mlomo kuti, "Ndi uja wa kwa agogo aja." Ena ankafika pafupi, n'kundizindikira, n'kubweza ndalama m'thumba.

Agogo amenewa ndi mayi a amayi anga. Pa utsikana wawo ankathyola tiyi m'minda ya m'munsi mwa phiri, kenako n'kukhala mayi wa Mvano wodalirika, wodziwa malire a munda uliwonse m'mudzi mwathu. Mkangano wa malire ukabuka, amfumu ankatuma mwana kuti akawaitane. Ndiye pamene anayamba kuthira mchere kawiri m'ndiwo, tinkangoti ndi ukalamba. Kenako anayamba kufunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza, kubisa ndalama pansi pa mtondo, n'kumalira kuti tawabera. Ine ndinali nditangobwerera pakhomo. Ndinali m'gulu lija la fomu 4 limene mayeso ake a 2020 anathetsedwa chifukwa chobedwa, n'kukalembanso mu Januwale 2021, ndipo mapointsi anga sanandifikitse kulikonse. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe. Kwathu kuno mbumba imakhala pamudzi pa amayi ake, choncho panalibe zokambirana: agogo anali anga.

Nthawi yowawa inali madzulo. Dzuwa likangopendeka, agogo ankamanga kamtolo ka zovala n'kunena kuti akupita kwawo, amayi awo akuwadikira. Amayi awowo anamwalira ine ndisanabadwe. Pachitseko panabwera loko, ndipo usiku wonse kunkamveka kugogoda ndi kulira. Chichewa chinayamba kuwathawa, n'kumayankhula Chilomwe cha ku ubwana wawo, chimene ife adzukulu sitinkachimva. Oyandikana nawo ankamva mawu achilendo pakati pa usiku, n'kumanong'onezana.

Tsiku lina m'bandakucha anatulukira pawindo, ndipo anapezeka pafupi ndi manda, chitenje chitagwera panjira. Amene anakulira kumudzi akudziwa zimene anthu amanena akapeza nkhalamba chotero: ndege yawathera mafuta. Pofika masana, nkhaniyo inali itafika pamsika. Ndinkachita mantha, ndipo sanali mantha opanda pake. Boma lathu lomwe lino la Mulanje ndi kumene kunafala mphekesera za anamapopa mu 2017, anthu n'kuphedwa chifukwa cha manong'onong'o. Ku Neno, mu Januwale 2016, nkhalamba zinayi zinaphedwa mtsikana wina atawombedwa ndi mphenzi. Amalume, pofuna kuthandiza, anagulitsa mbuzi n'kupita nawo kwa sing'anga, kenako kumapemphero a usiku wonse. Mbuzi inapita, agogo anabwera ali chimodzimodzi, atatopa kokha.

Zinthu zinatembenukira pamalo amene sindikanawaganizira. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa khoma la nyumba yathu, mtsinje wa Thuchila utasefukira, ndipo tinakagona m'kalasi pasukulu ina limodzi ndi mabanja ambirimbiri. Kumeneko agogo anasokonezeka kuposa kale lonse: osagona, kumaona anthu pakhoma, kumakana madzi. Kunabwera azachipatala oyendera misasa, ndipo nesi wina wachikulire anaona anthu atapanga bwalo kuonerera agogo. Anawabalalitsa. Kenako anakhala pansi penipeni, mutu wake kutsika kuposa wa agogo, n'kuwapatsa moni wa manja awiri. Sanawafunse kuti lero ndi lachingati kapena pulezidenti ndani. Anati, "Amayi, ndamva kuti munkathyola tiyi. Dengu limodzi linkadzaza nthawi yanji?" Agogo anasiya kunjenjemera. Anayamba kufotokoza, zala zikuthyola m'malere, masamba awiri ndi kansonga. Ine kukamwa kunali yasa.

Atatero ananditengera pambali n'kundifunsa kuti zinayamba liti, chinayamba n'chiyani, nanga chasintha n'chiyani sabata imeneyo. Ndinamuyalira zonse mwandondomeko, mpaka zakuti kwa masiku angapo agogo ankakwinya nkhope pokodza. Anandiuza kuti pali zinthu ziwiri. Kusokonezeka kwadzidzidzi kwa pamsasapo kungakhale matenda a m'njira ya mkodzo kapena malungo, ndipo zimenezo zimachizika. Koma kuiwala kwa zaka kuja ndi matenda a ubongo otchedwa dementia. Anati zili ngati nkhokwe imene chimanga chothiridwa posachedwa, cha pamwamba, ndicho chikuyamba kutha, pomwe cha pansi, cha kalekale, chidakalipo. N'chifukwa chake agogo sankakumbukira nsima ya masana koma ankakumbukira amayi awo ndi Chilomwe chawo. Pomaliza anandiyang'ana n'kuti, "Iwe mwana, wafotokoza ngati munthu wa muwodi. Fomu 4 unalemba? Kabwereze. Maso ako ndi a unesi."

Kuchipatala anawayeza mkodzo, malungo, shuga, BP, ndiponso magazi kuona HIV ndi chindoko, popeza matenda amenewanso amatha kusokoneza ubongo ndipo ali ndi mankhwala. Mkodzo unalidi ndi vuto, BP inali yokwera. Atamwa mankhwala, anthu a pakhoma aja anasowa. Kuiwala kunatsala, ndipo anatiuza mosabisa kuti kulibe mankhwala okuchotsa, kudzapitirira pang'onopang'ono. Mwina wina angadabwe kuti tinabwerako tikusangalala. Tinasangalaladi! Tinapita ndi munthu amene mudzi unkamutcha mfiti, tinabwera ndi wodwala, matenda ake atalembedwa m'kabuku ka kuchipatala.

Kabuku kameneko amalume anapita nako kubwalo la amfumu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anawaperekeza, ndipo anauza anthu kuti bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka ndi apakatikati, ndiponso kuti mtundu wake wofala kwambiri anaufotokoza dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906, atasamalira mayi wina amene ankaiwala ndi kukayikira a m'nyumba mwake momwe. Anthu anaseka atamva kuti ngakhale azungu amaiwala mayina a ana awo. Amfumu anawonjezera zawo: lamulo la m'dziko muno la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Chaka chotsatira, mu 2024, Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire, limene mabungwe ngati MANEPO analimenyera nkhondo kwa nthawi yaitali. Kunena zoona, lamulo lili papepala silitseka pakamwa pa munthu. Chimene chinatseka pakamwa pa anthu a kwathu ndi kuona amalume, bambo wolemekezeka, atawagwira dzanja amayi awo n'kuyenda nawo pakati pa msika masana dzuwa likuswa mtengo.

Bwerani mudzaone pakhomo pathu lero! Loko anachoka, m'malo mwake pachitseko pali kabelu ka njinga komangidwa ndi waya, kuti akatsegula timve. Usiku m'chipinda mwawo mumayaka kanyali ka sola, chifukwa mdima ndi zithunzithunzi ndizo zinkawaopsa. Madzulo akamanga kamtolo kawo, palibe amene amawauza kuti amayi awo anamwalira, poti kwa iwo uthenga umenewo umakhala watsopano tsiku lililonse, ndipo maliro amayambiranso. Timati, "Chabwino agogo, tikuperekezeni," n'kuzungulira nawo munda wa chinangwa, kuwafunsa kuti amayi awowo ankaphika bwanji kalongonda. Pobwerera amakhala aiwala ulendo, akufuna tiyi. Akati ndalama zabedwa, timafuna nawo limodzi, ndipo malo awo obisa onse tikuwadziwa. M'kati mwa bulauzi iliyonse tinasokereramo kansalu kolembedwa nambala ya foni ya amalume. Anyamata a kabaza onse akuwadziwa, ndipo akawaona akulowera kumsewu waukulu amawakweza mwaulemu n'kuwabweretsa, osalipiritsa.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi kuona kuti manja awo sanaiwale. Apatseni lichero la nandolo, asenda mwaliwiro kuposa ine. Apatseni chimanga, atongola mpaka dzuwa kupendeka, ali phee, akung'ung'udza. Amayi a Mvano, amene anali atasiya kubwera, anabwereranso, ndipo akangoyambitsa nyimbo ya m'buku, agogo amene sadziwa kuti adya kapena ayi amaimba ndime zonse osaphonya liwu. Mwezi wa Okutobala, pamene anthu akukonzekera mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, ng'oma za tchopa zikamveka chapatali, mapewa awo amayamba okha. Ine ndiye ndinapindulanso china: pofuna kumva zimene akunena usiku, ndinayamba kufunsa azigogo ena, ndipo tsopano Chilomwe ndikuchimva, kuyankha pang'ono ndikuyankha.

Mawu a nesi uja sanandichoke. Ndinalembetsa sukulu ya masana, ija timati open, kuti ndibwereze fomu 4, makamaka Biology, masamu ndi sayansi zina zimene makoleji a unamwino amayang'ana. M'mawa zitumbuwa, masana kalasi, mchimwene wanga wamng'ono atatsala ndi agogo. Madzulo ndinkawerenga mokweza pakhonde, iwo akusenda nandolo. Ndinkawafotokozera mmene mtima umapopera magazi, iwo n'kumavomera, "Eya, eya, n'zoona zimenezo." Sindinakhalepo ndi mnzanga wowerenga naye wopirira chotero. Ndipo Biology inasiya kukhala zoloweza. Impso, ubongo, mitsempha, zonse ndinali nazo pamphasa pomwepo, ndikuziona tsiku ndi tsiku.

Zotsatira za mayeso a 2024 zitatuluka, ndinathamanga kuchokera kusukulu mpaka kunyumba, masilipasi ali m'manja. Ndinalemba makalata ofunsira malo kumakoleji a mishoni otizungulira: Malamulo ku Thyolo, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, ndi Mulanje Mission konkuno. Pondifunsa mafunso, atati ndinene chifukwa chimene ndikufunira unamwino, sindinanene za kukonda kuthandiza anthu. Ndinawafotokozera mmene mungasambitsire munthu amene akuopa madzi, kuyambira kumapazi, mukucheza naye, chitenje chili pamapewa kuti asachite manyazi. Mmodzi wa ofunsawo anaika cholembera pansi n'kumangomvetsera. Uthenga woti anditenga ku Mulanje Mission utafika, amayi anakwera minibasi ku Limbe tsiku lomwelo, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kuchigayo. Fizi ndi yolemera, sindinama. Nandolo wa chaka chonse anapita, amayi anakongola kubanki m'khonde, amalume anagulitsanso mbuzi, ulendo uno akuseka. Maphunzirowa ndi a zaka zitatu, kenako mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo ndikuwayembekezera mopanda mantha.

Pochoka ndinkadera nkhawa za agogo, koma ntchito imene kale inali ya mtsikana mmodzi tsopano ili pa mbumba yonse. Amayi aang'ono amawasambitsa, mchimwene wanga amawapatsa mankhwala a BP n'kuchonga pakalendala, amalume amabwera madzulo kudzayenda nawo ulendo wa kwa amayi awo uja. Ndinawasiyira lamulo limodzi lolembedwa pakhoma: agogo akasintha mwadzidzidzi, akayamba kugona kwambiri kapena kuona zinthu, musati matenda awo aja akula, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Muwodi, zimene anandiphunzitsa agogo zinagwira ntchito msanga. Usiku wina kunali bambo wokalamba amene ankazula diripi, akufuna kutuluka kuti ng'ombe zake zili panja. Gadiyani wawo, mwana wawo wamkazi, ankalira ndi manyazi. Ndinapempha chilolezo kwa asisita, ndinakhala pansi pambali pa bedi, n'kuwafunsa mayina a ng'ombezo. Anazitchula zonse, ndi mitundu yake. Ndinawapatsa nsalu kuti andipindire, ndipo anapinda mpaka tulo tinawatenga, diripi ili m'malo mwake. Asisita anandifunsa kuti zimenezi ndinaziphunzira kuti, popeza m'kalasi tinali tisanafike pamenepo. Ndinati, "Ku Nkando, asisita, kwa agogo anga."

Agogowo dzina langa analiiwala, ndipo masiku ena amanditcha dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Miyendo ikufooka, kudya kwayamba kufuna kuwadyetsa. Koma tsiku limene ndinavala yunifolomu pakhomo kuti abale aione, anadzikonza pampando, anakonza duku, n'kutambasula mkono kuti ndiwayeze. Nditamaliza anandigwira dzanja n'kuti, "Anesi, manja anu ndi ofewa. Kwanu n'kuti?" Ndinati, "Konkuno, agogo." Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Amene anakulerani anadziwa kulera." Amayi anagwa pansi ndi kuseka, misozi ili mbwembwembwe, amalume akuwomba m'manja kuti, "Mwadziyamikira nokha, amayi!" Agogo ataona tonse tikuseka anasekanso, mokweza kuposa tonse.

Mabanja ena a m'midzi yoyandikana ayamba kubwera kudzafunsa za nkhalamba zawo, ena mobisa, usiku. Amfumu avomera kuti pa 21 Sepitembala, tsiku limene dziko lonse limakumbukira matenda a Alzheimer, ine ndi mlangizi wa zaumoyo uja tidzayankhule pabwalo, ndipo amayi a Mvano alonjeza kudzaimba. M'tsogolomu kalasi yathu idzapita kukaphunzira ntchito ku chipatala cha anthu a matenda a maganizo ku Zomba, ndipo kope langa la mafunso okafunsa kumeneko latsala pang'ono kudzaza.