Madzi a Pampopi ndi Mtengo wa Magetsi

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, m'nkhani ino tikamba za cinthu cimene mumacigwiritsa nchito tsiku ndi tsiku, ndico madzi a pampopi. Ambiri a inu munasenzapo cigubu ca malita 20 kucokera kucitsime. Khosi lanu linakuuzani kuti madzi ndi olemera, pakuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Tsono taganizani za pampu imene imakweza malita zikwi zambiri kucokera pansi pa nthaka kufikira m'thanki imene ili pamwamba. Pampuyo simadya nsima, koma imadya magetsi kapena dizilo, ndipo cakudya cakeco cimagulidwa ndi ndalama.

M'dziko lathu la Zambia, madzi a m'mizinda amaperekedwa ndi makampani a madzi, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la NWASCO. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la caka ca 1997. Koma kulinso malo aang'ono operekera madzi: m'maboma akutali, m'makomboni monga Kanyama mu Lusaka, pa zipatala za kumidzi ndi pa masukulu ogonera komweko. Pa malo otere kawirikawiri pamakhala citsime cakuya cokumba ndi makina, pampu, thanki ndi mapaipi. Ogula madzi amakhala ocepa, ndalama zolowa zimakhalanso zocepa. Ngongole ya magetsi ikakula, pampu imaima, ndipo amayi ndi ana amabwerera kudambo kukatunga madzi osayera, amene amabweretsa kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba. Ndiye cifukwa cake kucepetsa ndalama za magetsi ndi nkhani ya moyo.

Kodi zimenezi zingatheke bwanji? Yankho lake ndi kukonzekeratu. Amene amayembekeza kuti pampu iyambe yafa ndiye aganize zocita, amagula mofulumira ciliconse cimene wapeza, ndipo amalipira kawiri. Amene amawerenga ndi kulemba mwezi ndi mwezi amaona vuto likali kutali.

Nchito yoyamba ndi kuwerenga. Pa malo alionse opopera madzi payenera kukhala ziwerengero ziwiri: ca mayuniti a magetsi amene pampu yadya, ndi ca malita a madzi amene yakweza. Woyang'anira pampu azilemba ziwerengero zimenezi m'buku tsiku lililonse pa ola limodzimodzi. Akatswiri anapeza kuti yuniti imodzi ya magetsi ingathe kukweza malita 1,000 kufika pa msinkhu wa mamita 367, ngati palibe mphamvu yotayika. Koma palibe pampu yangwiro yotero. Gawo lina la mphamvu limasanduka kutentha ndi phokoso, ndipo pampu ikamakalamba gawo lotayikalo limakula.

Tiyeni ticitire pamodzi samu iyi, imene tangoipeka kuti itithandize kumvetsa. Tinene kuti pa boma lina laling'ono pampu imakweza malita 100,000 pa tsiku, msinkhu wa mamita 55 kucokera m'citsime kufika m'thanki. Nchito imeneyi payokha imafuna mayuniti 15. Koma pampu yake ndi yakale, ndipo theka la mphamvu limatayika, motero imadya mayuniti 30 pa tsiku, ndiwo mayuniti 900 pa mwezi wa masiku 30. Sungani nambala imeneyi m'mutu.

Nchito yaciwiri ndi kutseka modontha. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo ife tionjezepo kuti magetsi amene anakweza madziwo sabwereranso. Pa boma lathu lija, tinene kuti pa malita 100 alionse, malita 40 amathera m'nthaka kupyolera m'mapaipi ong'ambika, m'mipopi yosatsekeka ndi m'thanki yosefukira. Anthu amalandira malita 60,000 okha. Bungwe la NWASCO limafuna kuti madzi otayika asapitirire malita 25 pa malita 100 alionse. Akakonza mapaipi kufikira muyeso umenewu, pampu idzakweza malita 80,000 okha, koma anthu adzalandirabe malita 60,000 aja. Magetsi adzatsika kucoka pa mayuniti 30 kufika pa 24, popanda munthu kumanidwa ngakhale kapu imodzi. Njira yapafupi yodziwira kudontha ndi kuona thanki pakati pa usiku, pamene anthu agona. Ngati madzi akutsika msanga nthawi imeneyo, ndiye kuti pena pake paboola.

Nchito yacitatu ndi kusankha pampu ndi mapaipi oyenerana ndi malowo. Anthu ambiri amayesa kuti pampu yaikulu ndiyo yabwino, koma nsapato ya atate simuthamangitsa mwana. Pampu yopitirira muyeso imakankha madzi mwamphamvu m'paipi yopapatiza, ndipo mphamvu yambiri imathera pa kukhulana kwa madzi ndi paipiyo. Mukacepetsa liwiro la madzi ndi theka, kukhulanako kumatsala pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi. Cotero pampu yocepa yoyenda maola ambiri imaposa pampu yaikulu yoyenda kanthawi. Pa boma lathu lija, akasunga ndalama pang'onopang'ono nagula pampu imene imataya magawo anayi okha mwa khumi, malita 80,000 aja adzadya mayuniti 20. Taonani tsono: tinayamba ndi mayuniti 900 pa mwezi, tafika pa 600. Gawo limodzi la magawo atatu lapulumuka.

Nchito yacinayi ndi kusankha nthawi yopopa. Thanki ili ngati nkhokwe. Mlimi amadzaza nkhokwe pa nthawi yokolola, nadya m'miyezi ya njala. Momwemonso thanki ingadzazidwe pamene magetsi alipo, kuti anthu atunge m'mawa ndi madzulo. Phunziro limeneli tinaliphunzira mowawa. Magetsi athu ambiri amacokera ku madzi a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. M'zaka za 2015, 2019 ndi 2024 mvula inacepa, madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Mu February 2024 cilalaco cinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko lonse. Pa nyengo zotere, amene ali ndi thanki yaing'ono amakakamizika kuyatsa injini ya dizilo, ndipo madzi okwezedwa ndi dizilo ndi odula kuposa okwezedwa ndi magetsi.

Masiku ano malo ambiri aika mapanelo a dzuwa. Dzuwa silitumiza ngongole, koma zipangizo zake zimafuna ndalama zambiri pa ciyambi. Pano mpamene kukonzekera kumaonetsa phindu lake. Amene wayamba watseka modontha ndi kugula pampu yoyenera adzafuna mapanelo ocepa kuposa amene wathamangira kugula mapanelo mapaipi akali kudontha. Ndiponso mapanelo afunika kupukutidwa, makamaka m'miyezi ya fumbi ya September ndi October.

Zonsezi ziyenera kulembedwa m'pulani imodzi ya zaka zingapo: cocita caka cino, cocita caka camawa, mtengo wake, ndi munthu wociyang'anira. Zosafuna ndalama zambiri zikhale patsogolo, ndipo ndalama zopulumutsidwa zisungidwe kuti zidzagule zazikuluzo.

Inu aphunzitsi, bwerezani samu ija pa bolodi, ndipo sinthani manambala kuti ana ayese okha. Ikani cidebe pansi pa mpopi wodontha kwa ola limodzi, ana ayeze madziwo ndi botolo la lita, kenaka acurukitse ndi 24, ndiponso ndi 30. Ngati pafupi ndi sukulu pali malo opopera madzi, pemphani cilolezo kuti kalasi likaone buku la woyang'anira pampu.

Inu ana, tsekani mpopi mukatha kutunga, ndipo mukaona madzi akutumphuka m'njira kapena thanki ikusefukira, uzani aphunzitsi kapena makolo tsiku lomwelo. Tsalani bwino, tidzakumananso m'phunziro lotsatira.