Amp Ilira Monga Ili na Chimfine? Yesani Kababu

Amp yanu ikayamba kulira moipa, musathamangire kugula sipika yatsopano. Nyimbo siingakuuzeni pamene pali vuto. Mufunika kamawu kamodzi koyera, sine wave ya 1 kHz, kamene mungapange mweka na Wien bridge oscillator.

Vofunika ni ving'ono: op-amp monga TL072, ma resistor awiri a 10k na ma capacitor awiri a 16nF. Mutu umawawa pa gain. Ifunika kukhala 3 ndendende. Ikachepa, mawu amafa. Ikapitirira, wave imadulika pamwamba, ndiye distortion ija. Bill Hewlett anathetsa vutoli na kababu ka waya: mawu akakwera kamatentha, resistance yake imakwera, gain imabwerera pansi yokha. Makina yake yanayamba kugulitsidwa mu 1939, ndipo Disney anagula 8 pokonza filimu ya Fantasia. Osaikapo LED, mwamvera? Siitentha motero.

Musanagwire solder, yesani pa LTspice, ni yaulele. Pa kompyuta circuit ingangokhala zii, mzere chabe. Siinafe. Ikani ka voltage koyambira pa capacitor imodzi, gain pa 3.1, muzaona wave ikukula pang'onopang'ono.